Chibakera cha Alamu Anga

Lachitatu, 22 Okutobala

Nesi Morozumi andipatsa kope ili ndi pensulo. Akuti ndizilemba zimene ndadya ndi mayina a obwera kudzandiona, chifukwa adokotala akufuna kudziwa ngati mutu wanga ukusunga zinthu. Za chakudyazo ndizilemba kutsogolo kuti aziwerenga okha. Izi ndikuyambira kumbuyo kwa kope.

Ndine Tomoe Kuwabara, zaka 54, ndimayendetsa galimoto yoperekera chakudya m'sukulu. Ndili mu wodi ya mafupa, bedi lapawindo. Fupa la ntchafu yakumanja linathyoka, Lolemba anaikamo chitsulo ndi misomali itatu. Fupa la phewa lakumanzere nalo linapita, kuphatikiza nthiti zitatu. Kutsokomola ndi chilango.

Phala la mpunga, masipuni asanu. Mutu ukusunga zinthu bwino kwambiri, koma zimenezo sindinawauze.

Lachinayi, 23 Okutobala

Kutentha thupi 37.9. Diripi achotsa masana.

Ndilembe zonse zikadali zotentha. Lamulungu tinali okwera 41 pa ulendo wa chaka ndi chaka wa kalabu yathu ya njinga zamoto, mumsewu wa odula mitengo wa m'phiri. Ulendowu anauyambitsa malemu amuna anga, Masatsugu, ndipo njinga yomwe ndimakwera ndi yawo. Msewuwo ndi wa bungwe la eni nkhalango, kumunsi kwake amatseka ndi tcheni. Amatitsegulira tsiku limodzi lokha pachaka. Wosunga kiyi ndi a Tsuchiya, mkulu wa zaka 76, amene amaima pamenepo tsiku lonse ndi botolo lawo la tiyi. Lamulo lake aliyense amalidziwa ngati dzina lake. Podutsa pa tcheni umakweza dzanja lamanzere. Dzanja lotambasula ndiye kuti m'mbuyo akadali ambiri. Zala ziwiri, atsala awiri. Chala chimodzi, watsala mmodzi. Chibakera ndiye kuti wotsiriza ndine, tsekani.

Pobwerera, alamu anga Shigeharu, mng'ono wa malemu, anagwa powoloka kamtsinje, njinga n'kuwapsinja mwendo m'madzi. Ndinatsika n'kuwachotsera. Anthu amene anaima kutsidya anaseka, wina anati, "Shigeharu, lero wabadwanso, mzamba ndi mkazi wa mkulu wako." Sanandithokoze. Ananyamuka nkhope ili gwaa, onse n'kumapita. Njinga yanga inali itamwa madzi, inandivuta kuliza, ndiye ndinatsalira ndekha.

Pali kona ina pamwamba imene umaona tcheni kudzera m'mikungudza. Ndili pamenepo ndinaona alamu akufika kwa a Tsuchiya. Anatembenuza mutu, anandiona. Kenako anakweza dzanja, gulovu yachikasu, chibakera chofumbata bwinobwino.

Ndikanachepetsa liwiro, ndikudziwa. Koma magazi anandikwera kumutu, ndinatsegula moto kuti ndikawagwire pakhosi. Kona yomaliza siionetsa kutsogolo, pansi panali masamba onyowa, tcheni chinali chitakwera kale. Ndinadzidzimuka ndili muno.

Lachisanu, 24 Okutobala

Abwera apolisi awiri. Apongozi anga, mayi wa alamuwo, anali pambali pa bedi atandigwira dzanja, zaka 88. Wapolisi wamkulu anafunsa chimene ndinaona. Akuti a Tsuchiya akunena kuti anaona chibakera, pomwe a Shigeharu akunena kuti anakweza chala chimodzi.

Ndinayang'ana apongozi, n'kunena kuti ndikukumbukira mpaka pamtsinje basi.

Ndinkati ndachitira apongoziwo chifundo. Koma apolisi atapita, apongozi anandiuza nkhani ina ati andisangalatse. Pa 7 Disembala, paphwando la kalabu lotsekera chaka, lomwe timati loiwalira chaka, alamu akawamanga pamkono nsalu yofiira ya mtsogoleri wa ulendo. Nsalu imene Masatsugu anavala zaka khumi ndi zisanu, imene ndinkachapa ine ndi manja angawa.

Pamenepo ndiye ndinadziwa chimene ndabisira mawu. Sindiwataya m'chipinda muno pamaso pa apolisi awiri ogona. Ndikawatulutsa nsaluyo ili pamkono pawo, anthu onse ali chete.

Lolemba, 27 Okutobala

Ululu. Jekeseni kawiri. Sindinadye nsomba.

Lachinayi, 30 Okutobala

Ulusi achotsa, masitichi 19. Dokotala Karasawa akuti bala lili bwino. Anandifunsa za Lamulungu lija, ndinangopukusa mutu mwachisoni. Anati zimachitika munthu akamenyetsa mutu, mwina zidzabwerera, mwina ayi. Ndinafunsa ngati ndingapatsidwe chilolezo chotuluka tsiku limodzi mu Disembala. Anati ndikayenda ndi ndodo mamita makumi asanu osagwa, andisainira.

Bedi loyandikana nalo muli mayi Ebisawa, anathyoka fupa la m'chiuno potsika basi. Pakamwa pawo ndiye sipanathyoke. Amadziwa matenda a aliyense mu wodi muno, ndi amene mwamuna wake sabwera. Timasewera makhadi pa thebulo la chakudya, amaba ndikuona.

Lamulungu, 2 Novembala

Abwera alamu.

Avala jekete yabwino, atameta. Anabweretsa duwa la mumphika, ndi dothi lake, ndi mizu yake. Mayi Ebisawa anachita kugwira pakamwa. Ndani sadziwa kuti wodwala sumupatsa chomera chamizu, ngati kuti ukumuuza amere mizu pabedi? Kaya ndi umbuli kaya ndi dala, kwa ine zonse ndi chimodzi.

"Alamu, mwatiopsa," anatero. "Ndiye akuti simukukumbuka kalikonse?"

"Kalikonse, alamu. Tandiuzani inu zinayenda bwanji."

Anakhala pampando, mapewa n'kutsika, ngati munthu wotula katundu. Anandionetsa ndi dzanja mmene anakwezera chala. "Chonchi, poyera. Koma mdala uja maso anatha, ng'ala mbali zonse. Ndakhala ndikunena kuti kiyi apatse wina."

"Pepani, mwavutika nane," ndinatero.

"Aa, ndife abale. Koma mukachira, njinga ija mungoigulitsa. Zinthu zimenezi zili ndi msinkhu wake, ndiponso zili ndi eni ake."

Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa. Chikomekome cha mkuyu. Atatuluka ndinapempha nesi akataye duwalo kumene amataya mabandeji.

Lachinayi, 6 Novembala

Mafizo ayamba. Kupinda bondo madigiri 60, ndinatukwana mtsikana wondiphunzitsayo, kenako ndinapepesa. Kuima pakati pa zitsulo ziwiri masekondi 20. Ndikafuna kukomoka ndimaona gulovu yachikasu ija, mphamvu n'kubwera. Mankhwala onse a muno sakufika pamenepo.

Lachiwiri, 11 Novembala

Lero silinandikomere.

Abwera a Tsuchiya ndi akazi awo, mayi Kinu. Mkulu uja ndimamudziwa ali wojintcha, wa mawu ngati macheka, koma lero kolala ya malaya inkachita kuzungulira pakhosi. Asanalankhule anagwada pansi pa simenti ya wodi, manja pansi, chipumi pansi. 

"Mayi Kuwabara, ndakupwetekani ndine. Ndilibe mawu."

"Dzukani bambo, chonde. Pansipo pakuzizira."

"Ndinkalumbira kuti ndinaona chibakera," anatero ali chigwadire. "Ndinawauza apolisi kawiri. Koma a Shigeharu ndi munthu wamaso abwino, anganamirenji? Tsopano ndikatseka maso ndimaona chala. Mwina chinali chala. Masowa andipereka."

Mayi Kinu anandiuza chapansipansi kuti bungwe lawalanda kiyi, ndipo apolisi akuti nkhaniyi ikhoza kupita kukhoti ngati kuvulaza munthu mosasamala. Zaka makumi atatu akutsegula ndi kutseka msewu umenewo popanda ngakhale galu kupweteka. Sakudya, akungokhala pakhonde kuyang'ana phiri.

Mawu anafika pakhosi penipeni. Ndikanangoti, bambo, maso anu ali bwino. Koma ndikanena kwa iwo, mawa tauni yonse yamva, alamu apeza nthawi yokonza bodza lina, nsalu ija aikana okha mwaulemu ati chifukwa cha chisoni, n'kutuluka ali oyera. Ayi. Ndinangoti sindikuwasungira mlandu. Anasiya manachesi a m'munda mwawo.

Pirirani milungu inayi yokha, bambo. Ndidzakutsukani pamaso pa anthu onse, adzachita kukupepesani mmodzimmodzi.

Lamulungu, 16 Novembala

Mayi Ebisawa pa makhadi: "Iwe Tomoe, munthu woiwala sakumbukira kuti Lachinayi ndinabisa khadi pansi pa pilo."

"Mutu unaiwala za tsiku limodzi lokha, mayi."

"Eya, tsiku lomwelo lokha. Nanga alamu ako akatchulidwa, bwanji khutu lakoli limafiira? Ine ndakwatiwapo katatu, mkazi wosunga mpeni ndimamudziwa."

 Anagawa makhadi, kenako anati, "Mpeni wako ndi wako, ubaye amene ukufuna. Koma mdala anagwada apa uja akuwonda ndi nkhani yako. Ndionetsetse anathetsa nkhosa."

Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anati nkhono yake iti, iwo akuona nkhalamba. Ndawina masewera atatu, sanandilankhulenso mpaka chakudya chamadzulo.

Lachisanu, 21 Novembala

Ekisire: fupa layamba kugwirana. Phewa lalola ndodo. Mamita 12, kenako ndinasanza.

Apongozi abweretsa mpunga wofiira wa nyemba, akuti tikondwerere kuti ndaima. Anandisisita tsitsi n'kumati, "Tomoe mwananga, Shigeharu akukudandaula zedi, sagona." Ndinati ndikukhulupirira.

Ndimawakonda apongozi anga. Koma anabereka ana awiri, wabwino n'kupita.

Lachinayi, 27 Novembala

Mamita 31. Bondo madigiri 95.

Ndikuyeserera mawu anga pokwera ndi potsika khonde. Sindidzakuwa. Ndikakuwa adzati mutu wa mayiyu sunachire. Ndidzayamba ndi kuthokoza, monga mkazi wamasiye waulemu. Ndidzadikira nsalu imangidwe, mfundo ikokedwe. Ndikufuna adzamve kulemera kwake kaye.

Mayi Kinu anaimba foni ku ofesi ya manesi kufunsa mmene ndilili. Sindinapite kukayankha, ndinati ndili ku mafizo.

Lachitatu, 3 Disembala

Mamita 54! Dokotala Karasawa asaina. Lamulungu kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Osamwa mowa, osakwera masitepe opitirira atatu. Anati n'zosangalatsa kuona wodwala wofunitsitsa kukaona anzake chonchi.

Loweruka, 6 Disembala

Mayi Ebisawa andipesa tsitsi ngakhale akuti sakugwirizana nazo. Ndapempha apongozi anditumizire jekete yachikopa ya Masatsugu. Iwo sapita, akuti miyendo. Kuli bwino.

Ndadya zonse, ndi mpunga wowonjezera.

Lamulungu, 7 Disembala

Ndabwerako 4 koloko. Mwendo watupa ngati mtsamiro, koma ndilembe.

Phwando linali masana mu holo ya m'mudzi. Nditalowa ndi ndodo zanga onse anaimirira n'kuomba m'manja, ena misozi. Anandikhazika kutsogolo. Anadya, anamwa, anaonetsa zithunzi za ulendo. Kenako mkulu wa kalabu anatulutsa nsalu yofiira m'kabokosi, nati palibe woyenera kuimanga kuposa mkazi wa amene anaivala poyamba. Zimenezo sindinazipemphe, zinangobwera zokha. Ndinaimanga pamkono pa alamu ndi manja anga, mfundo ziwiri, ndinakoka mpaka anatsinzina.

Ndiye ndinathokoza onse. Ndinati paphwando loiwalira chaka ine ndabwera ndi chimene ndakumbuka.

"Alamu, kwezani dzanja lamanzere muwaonetse anthuwa chimene munaonetsa a Tsuchiya."

Anaseka, n'kukweza chala.

"Ayi. Ndinali pa kona yapamwamba. Munatembenuka, munandiona, munafumbata chibakera."

"Alamu atopa," anauza anthu. "Mutu uja."

"Mutu uli bwino. Gulovu yachikasu, yong'ambika pachala chachikulu pomwe munagwera mumtsinje. Munandisiya dala chifukwa anakusekani kuti mwadzutsidwa ndi mkazi. Mkulu wanu akanakhalapo akanakuvulani nsaluyo ndi mano. Inu simunafikepo pa iye ngakhale pa chidendene, ndipo mumadziwa."

Pamenepo ndiye ndinakhudza pachilonda. Nkhope inafiira, ulemu wonse unathawa.

"Iwe, unali kutali!" anakuwa. "Munthu wanzeru aliyense akanaima pa tcheni n'kutsika, n'kupempha amutsegulire. Ndinkangofuna uime, uone mmene zimakhalira anthu akamakudikira. Ndani anakuuza uthamange ngati wamisala?"

"Ndiime pa tcheni chiti, alamu, ngati munakweza chala?"

 Ndinamva ketulo ikuwira kukhitchini. Alamu anayang'ana uku ndi uku, palibe anawayang'ana. Anayesa kumasula nsalu ija ndi dzanja limodzi, mfundo zanga zinakana, mpaka mkulu wa kalabu anabwera kudzamasula yekha. Alamu anatuluka, pakhomo pomwe tinavula nsapato n'kuvala za wina.

Ndisaname, zinanditsekemera. Milungu isanu ndi iwiri ya ululu inatsika yonse. Choipa chitsata mwini.

Ndiye ndinati, "Tsopano wina akatenge a Tsuchiya pa galimoto. Abwere amve, ndipo aliyense amene ananena kuti ndi akhungu awapepese pompano."

Palibe anadzuka. Mkulu wa kalabu anayang'ana pansi.

"Mayi Kuwabara, timati mukudziwa, poti muli chipatala chimodzi. A Tsuchiya anagwa Lachiwiri m'mawa. Kalata yowaitana kukafunsidwanso inafika Lolemba. Anawapeza pakhonde, sitiroko. Ali pansanja yachisanu."

Ine ndili pansanja yachitatu. Lachitatu, pomwe ndinkawerenga mamita anga, anali pamwamba panga.

Lolemba, 8 Disembala

Kutentha thupi 38.1. Adokotala akalipa chifukwa cha kutupa, mafizo aimitsa masiku awiri.

Apolisi abwera, ndanena zonse, ndi za liwiro langa lomwe. Akuti alamu anapita okha m'mawa kukasintha mawu awo. Mlandu wa a Tsuchiya utha.

Apongozi sanabwere, sanaimbe. Mayi Ebisawa sananene kuti ndinakuuza. Akanangonena kukanakhala bwino.

Lachiwiri, 9 Disembala

Ndapempha nesi Morozumi andikankhe pa chikuku mpaka pansanja yachisanu.

A Tsuchiya agona chagada, paipi m'mphuno, mbali yakumanja yonse yafa. Maso ali otsegula. Ndinayandikira khutu lawo n'kunena mokweza, "Bambo, chinali chibakera. Munaona bwino. Maso anu ali bwino." Ndinabwereza katatu. Ankangoyang'ana kudenga. Mayi Kinu akuti adokotala sakudziwa ngati mawu akulowa, ndipo sakulonjeza kuti adzalowanso.

Mayiwo atopa, tsitsi losapesa, koma anandigwadira mwaulemu. Akuti apolisi anawaimbira dzulo. Akuti mkulu wa bungwe anabwera yekha ndi kiyi uja, anamuika pa kabati pambali pa bedi.

"Chimene chinkawadya si khoti ayi," anatero akuwapukuta pakamwa. "Ankati, Kinu, ngati maso anga anama pa chinthu chimenechi, ndiye zina zonse zimene ndaona moyo wanga wonse ndizikhulupirire bwanji? Akanangomva munthu mmodzi yekha akuti ndinaonanso, bwenzi akudya."

Ndinangoti inde.

Kenako anandifunsa, mwachifundo, ngati mmene umafunsira wodwala. "Nanga zimene munaiwala zija zinakubwererani liti, mayi Kuwabara?"

Nesi Morozumi anali kumbuyo kwanga atagwira chikuku. Kope ili linali pamiyendo panga pansi pa bulangete.

"Loweruka," ndinatero. "Loweruka madzulo."

Anandigwira manja onse awiri n'kuwafinya.

"Ndiye Lamulungu lomwelo n'kudzuka ndi mwendo wotere kukawayeretsa amuna anga? Zikomo mayi. Zikomo chifukwa chofulumira."

Anandisendera nachesi, n'kundipatsa kagawo kamodzikamodzi m'manja. Ndinadya yonse iwo akuyang'ana.